Kuika magetsi a LED m'kalasi: yambani ndi tepi, mababu pambuyo

Chaka china mwezi wa Juni ndinaitanidwa pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, kupitirira Songani, ana a Folomu 4 atatsala ndi masabata ochepa kuti alembe MSCE. Aphunzitsi aakulu anati magetsi alipo, koma ana akudandaula mutu ndi maso. Nditalowa m'kalasi cha m'ma 6 koloko madzulo ndinapeza mababu awiri a LED akulendewera pa mtanda wa denga, owala ngati nyali za lole, ana onse atakokera madesiki pansi pake ngati ngumbi. M'makona munali bii. Pa bolodi panali masamu amene wa kumbuyo sakanawawerenga ngakhale atatong'ola maso. Mababuwo anali abwino ndithu, ndalama za makolo zinapita, koma palibe amene anayamba wayeza chipindacho.

Kuno ku Zomba nkhaniyi si yaing'ono. Mu Juni ndi Julaye dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo chiperoni chikabwera, chifunga n'kutsika m'phiri, m'kalasi mumada ngakhale masana. Nthawi yomweyo ndi imene ana a mayeso amatsalira kuwerenga, ndipo a open amakhala asanaweruke. Ndiye aphunzitsi aakulu, a komiti ya sukulu ndi a PTA, musanatulutse ndalama, tsatani izi.

Loyamba: lowani m'kalasi masana, magetsi atazima

Imani kumbuyo kwenikweni, pa desiki la mwana amene amakhala patali ndi zenera. Tsegulani kope lolembedwa ndi pensulo. Ngati mukuvutika kuwerenga 10 koloko m'mawa, vuto loyamba si magetsi, ndi khoma ndi mazenera. Khoma la njerwa zootcha losapaka pulasitala limameza kuwala kochuluka, limabweza mwina gawo limodzi mwa magawo anayi. Khoma lopaka laimu kapena penti yoyera limabweza magawo atatu mwa anayi. Choncho chidebe cha laimu chimagwira ntchito ya nyali zingapo, ndipo sichidya mayunitsi. Pakani siling'i ndi makoma kuchokera pa msinkhu wa mapewa kupita m'mwamba. Pansi mutha kusiyapo penti yoderako chifukwa manja a ana sakhululuka.

Makalasi ambiri a pulayimale ali ndi mabuloko a mabowo m'malo mwa mazenera. Kumeneko malata oonekera awiri kapena atatu pa denga amasintha zinthu kwambiri, koma musawaike pamwamba penipeni pa mzere wa madesiki, chifukwa mu Okutobala mwana wokhala pamenepo adzapsa mutu. Sankhani oyera ngati mkaka, osati oonekera ngati galasi.

Lachiwiri: yezani, kenako werengerani

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndiye tikhalapo pang'ono.

Pa bokosi la nyali pamalembedwa manambala awiri amene anthu amawasokoneza. Watt ndi mphamvu imene nyali ikudya, ndiye kuti ndalama zanu. Lumen ndi kuwala kumene nyaliyo ikutulutsa. Pali nambala yachitatu imene pa bokosi palibe, koma ndiyo yofunika kuposa zonse: lux, kuwala kumene kwafikadi pa desiki. Ganizani za feteleza. Watt ndi mtengo wa thumba, lumen ndi kulemera kwa thumbalo, lux ndi feteleza amene wafika pa phando lililonse. Thumba lomwelo likwanira munda waung'ono, koma pa munda waukulu chimanga chidzakhala chachikasu. Lux imodzi ndi lumen imodzi pa sikweya mita imodzi.

Akatswiri ambiri amatsata muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 12464-1. Kwa zaka zambiri muyezowu unkati kalasi wamba ikhale ndi 300 lux pa desiki, ndipo kalasi ya maphunziro a usiku komanso bolodi zikhale ndi 500 lux. Pouunikanso mu 2021 anakweza kalasi wamba kufika pa 500. Maganizo anga ndi awa: 300 ndiye pansi penipeni, musatsikepo. Labotale, laibulale ndi chipinda chimene ana amawerengeramo usiku uliwonse, limbikirani 500 ngati thumba likulola.

Tengani tepi. Tinene kuti kalasi yanu ndi mamita 7 m'lifupi ndi mamita 9 m'litali. Ndiye masikweya mita 63. Chulukitsani 63 ndi 300, mupeza 18,900. Koma si kuwala konse kotuluka m'nyali kumene kumafika pa desiki. Kwina kumathera m'makoma ndi m'denga, kwina kumatsekedwa ndi fumbi, ndipo nyali nayo imafooka ikamakalamba. M'chipinda chopaka bwino, pafupifupi magawo 6 mwa 10 ndi amene amafika pansi, ndipo timachotsanso magawo 2 mwa 10 a otsalawo chifukwa cha fumbi ndi ukalamba. Mukachulukitsa 0.6 ndi 0.8 mupeza 0.48, pafupifupi theka. Mwachidule, yankho lanu liwirikizeni kawiri n'kuonjezerako pang'ono. Kalasi yathuyi ikufuna ma lumen pafupifupi 39,000.

Tsopano gawani ndi ma lumen a nyali imene mukufuna kugula. Nyali yaitali ya LED ya mamita 1.2, imene m'mashopu amati batten, ya 30 W yotulutsa ma lumen 3,300, mufunika 12. Zonse pamodzi zikudya 360 W. Mukafuna 500 lux, nyali zomwezo zikhala 20. Ngati mukugula machubu a LED a 18 W otulutsa ma lumen 2,000, mufunika machubu 20 kuti mufike pa 300 lux yokha. Kumbukirani mababu awiri a pa sukulu ija. Ngakhale lililonse likanatulutsa ma lumen 3,000, sanafike ndi pa gawo limodzi mwa magawo 6 a zofunika.

A komiti akamva kuti nyali 12 m'kalasi imodzi, amagwira pakamwa poopa mayunitsi. Tiyeni tiwerengere. Nyali za 360 W zikayaka maola 4 zimadya mayunitsi 1.44. Masiku 20 a sukulu pa mwezi, ndi mayunitsi pafupifupi 29. Chubu chakale chija cha 36 W, pamodzi ndi choki chake, kachipangizo ka m'kati kochithandiza kuyaka, chimadya pafupifupi 45 W, ndipo kuti muone kuwala kofanana mufunika osachepera 14. Ndi 630 W, mayunitsi 50 pa mwezi. Mababu akale otentha aja a 100 W mukanafuna 30, ndiye tisanene n'komwe. Mtengo wa yuniti uoneni pa lisiti limene munagulira mayunitsi a ESCOM komaliza, muchulukitse nokha.

Ngati makoma ndi njerwa zosapaka ndipo mulibe siling'i, kuwirikiza kawiri sikukwana, muwirikize katatu. N'chifukwa chake ndinayamba ndi laimu.

Lachitatu: yalani nyali pa pepala musanakwere makwerero

Jambulani kalasiyo, muonetse kumene kuli mazenera, chitseko ndi bolodi. Nyali 12 zija ziikeni m'mizere itatu, mzere uliwonse nyali zinayi, mizereyo yoyenda kuchokera ku bolodi kupita kumbuyo, motsatana ndi khoma la mazenera. Pa mamita 7, mizere italikirane mamita 2.3, ndipo mzere wa m'mphepete utalikirane ndi khoma theka la mtunda umenewo, mita imodzi ndi kachidutswa. M'litali, pakati pa nyali ina ndi pakati pa inzake pakhale mamita 2.25. Lamulo la chala ndi lakuti mpata wa pakati pa nyali usapose kutalika kwa kuchokera pa desiki kufika pa nyali kuchulukitsa ndi 1.5. Mukapitirira apo, pamabadwa zigamba za mdima.

Nyali zazitalizi zigone moloza ku bolodi, osati mopingasa. Mwana akadzutsa mutu kuyang'ana aphunzitsi, aone kumapeto kwa nyali, osati mbali yake yonse yowala imene imathobwa m'maso.

Kenako maswichi. Ichi ndi chimene amisiri ambiri amachizemba chifukwa chimafuna waya woonjezera, koma ndi chimene chimapulumutsa mayunitsi kuposa china chilichonse. Mzere uliwonse ukhale ndi swichi yake. Tsiku la mitambo mphunzitsi ayatse mzere wa kutali ndi mazenera okha, ina iwiri ikhale yozima. Kalasi ya swichi imodzi imayaka yonse kapena kuzima yonse, ndipo nthawi zambiri imayaka yonse tsiku lonse. Lembani pa swichi iliyonse ndi penti kuti ndi ya mzere uti. Za timakina tozindikira kuti m'chipinda muli munthu, ku zimbudzi ndi m'makonde a hostelo timathandiza, koma m'kalasi ndimaona kuti mwana mmodzi wopatsidwa udindo wozimitsa amagwira bwino ntchito, ndipo saonongeka ndi mphenzi.

Lachinayi: bolodi

Bolodi limafuna nyali zakezake ziwiri, pa swichi yakeyake. Ziikeni mopingasa, motsatana ndi bolodi, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa khoma, zopendekera ku bolodi ndipo zotchingidwa kumbali ya ana. Zikayandikira kwambiri zimawalitsa pamwamba pokha; zikatalikira kwambiri, kuwala kumagunda bolodi n'kubwerera m'maso mwa a kutsogolo, choko n'kusowa. Musanakhomerere, wina agwire nyali ili chiyakire, inu mukhale pa desiki la kutsogolo kumanzere, la kutsogolo kumanja, ndi la kumbuyo. Ndipo popaka bolodi musagwiritse ntchito penti yonyezimira. Kumene kuli projekita, swichi yapaderayi ndi imene imakulolani kuzimitsa kutsogolo ana akulembabe kumbuyo.

Lachisanu: kukagula

Kaya mukugula m'mashopu a hardware m'tauni muno kapena mwapita ku Limbe, werengani bokosi musanafunse mtengo. Bokosi limene lalemba ma watt okha osatchula ma lumen, libwezeni pa shelefu. Gawani ma lumen ndi ma watt: nyali yabwino ipereke 100 kapena kuposa pa watt iliyonse.

Onani nambala yothera ndi K. Imeneyo ndi mtundu wa kuwala. 3000 K ndi kofiirira ngati kwa nyali ya palafini, kwabwino ku hostelo. 6500 K ndi koyera mopita ku buluu, kumene kwadzadza m'misika yathu, ndipo anthu amakukonda poganiza kuti ndiye kowala kwambiri, koma usiku kumatopetsa maso. M'kalasi funani 4000 K. Mungayende mashopu atatu musanazipeze, limbani mtima. Musasakanize mitundu m'chipinda chimodzi. Pali nambala inanso yolembedwa CRI kapena Ra, yonena ngati mitundu ya zinthu ikuoneka monga ilili. Isatsike pa 80. Mphunzitsi wa Biology kapena Geography amene akuonetsa mapu ndi zithunzi ndiye angakuuzeni kufunika kwake. Paja LED yoyera kwenikweni ndi kachipangizo kotulutsa kuwala kwa buluu kokutidwa ndi utoto wachikasu, ndipo opanga zotchipa amaumira pa utotowo.

Nyali ikhale ndi chivindikiro choyera ngati mkaka, timadontho towala tisamaoneke. Chikhalenso chotseka bwino. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimadzadza m'nyali zotseguka, akangaude n'kutsatira. Magetsi athu ndi 230 V, koma tonse tikudziwa mmene amatsikira madzulo m'madera ena, ndiye sankhani nyali yolembedwa kuti imapirira kuyambira pa 170 V kapena kutsika apo, kufika 260 V. Ngati palembedwa PF, nambala yosonyeza ngati nyali ikugwiritsa ntchito bwino magetsi amene ikukoka, ikhale 0.9.

Pemphani wogulitsa ayatse imodzi. Lozetsani kamera ya foni, makamaka pa kanema woyenda pang'onopang'ono. Mukaona mizere yakuda ikuyenda kapena kuwala kukuphethira, isiyeni. Diso silikuona kuphethirako koma mutu umakumva, ndipo theka la madandaulo a ana aja linali limeneli. Gulani imodzi kaye, mukaiyese usiku ku sukulu. Mukakhutira mugule zonse, kuphatikizapo ziwiri zapadera pa kalasi iliyonse, chifukwa chaka chamawa mtundu womwewo simudzaupeza. Lisiti ndi pepala la waranti zikhale mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, osati m'thumba la mmisiri.

Lachisanu ndi chimodzi: kuika

Ntchito ya mawaya ndi ya mmisiri wa chiphaso cha MERA, osati mwana wa Folomu 3 amene amakhoza Physics. Mufunseni akuonetseni chiphasocho, sachita manyazi ngati ali nacho. Zimene inu mungayang'anire ndi izi. Waya wa nyali ndi wa 1.5 mm², wakopa weniweni, wodutsa m'mapaipi chifukwa makoswe a m'denga sasankha. Nyali za kalasi zikhale pa buleka yakeyake ya 6 A kapena 10 A, osaphatikiza ndi masoketi. Nyali ya chitsulo ilumikizidwe ku waya wa earth.

Mdani wamkulu wa LED ndi kutentha. Pa bokosi amalemba kuti nyali ikhala maola 30,000 kapena 50,000, ndipo pa maola 800 a chaka cha sukulu mungaganize kuti adzasintha ndi adzukulu anu. Chimene chimayamba kufa ndi kabokosi ka m'kati kosintha magetsi, kamene amisiri amati driver, ndipo kamafa msanga kakamaotchedwa. M'kalasi yopanda siling'i musakhomere nyali pafupi ndi malata. Itsitseni ndi tcheni kapena paipi, ikhale mamita 2.7 mpaka 3 kuchokera pansi, pamene ndodo ya tsache singafike mosavuta.

Mdani wachiwiri ndi mphenzi. Aliyense amene wakhalapo pansi pa phiri la Zomba mwezi wa Disembala ndi Januwale akudziwa. Muuzeni mmisiri aike surge protector m'bokosi la mabuleka, ndipo ayeze ngati ndodo ya earth ikugwiradi. Kachipangizoka mtengo wake ndi wa nyali zochepa chabe, koma kamateteza buloko yonse, komanso pa nthawi ija magetsi akabwerera mwamphamvu atazima.

Ngati sukulu ili kale ndi mafiting'i a machubu akale ndipo sanachite dzimbiri, mutha kungosintha machubu. Ena a LED amangofuna kuchotsa sitata n'kuikapo ina imene imabwera m'bokosi. Ena amafuna kuti choki chidumphidwe. Ine ndimakonda kuchotseratu choki, chifukwa chikatsala chimadyabe magetsi ndipo chimang'ung'udza. Mmisiri amate kapepala pa fiting'i konena kuti yasinthidwa, kuti wina asadzaikemo chubu chakale. Machubu akalewo ali ndi mercury. Musawaswe, musawaponye m'chimbudzi kapena kudzala kumene ana amasewera. Akulungeni m'makatoni muwasunge m'stolo yokiya.

Kumene kulibe ESCOM, kapena magetsi akazima

Sitinaiwale 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale, dziko lonse n'kumagawana magetsi kwa miyezi yambirimbiri. Ndipo sukulu zambiri za kumidzi, cha ku Mayaka, Jali ndi kunyanja ya Chilwa, zili patali ndi mapolo. Sola ndi yotheka, koma musayese kuwalitsa sukulu yonse. Sankhani chipinda chimodzi kapena ziwiri zowerengeramo usiku.

Masamu ake ndi awa. Nyali za 360 W kwa maola 3 ndi 1,080 Wh, ndiye kuti ma watt kuchulukitsa ndi maola. Onjezerani zotayika mu inverter, kachipangizo kosintha magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM, ndi m'mawaya, tinene 1,300 Wh. Batire la asidi siliyenera kutsika kupitirira theka, ndiye mufunika la 2,600 Wh, kuposa pang'ono batire limodzi la 12 V 200 Ah. La lithium limalola kutsika kwambiri, la 1,600 Wh likwana, ndipo limakhala zaka zambiri ngakhale ndi lodula pogula. Mapanelo muwerengere pa nyengo ya chiperoni, osati ya Okutobala: tengani maola 4 a dzuwa lamphamvu, mupeza 325 W, ndiye gulani a 450 W kapena 500 W. Ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri 15 mpaka 20 kuti mvula izitsuka fumbi, ndipo awotcheredwe m'felemu ya chitsulo. Chimene chimapha sola ya pa sukulu si nyali, ndi mafoni a mudzi wonse ndi ayironi ya wina Lamlungu madzulo. Musaike soketi pa waya wa nyali.

Lomaliza: bwererani usiku

Musalipire ndalama yomaliza ntchito isanayesedwe kunja kutada. Ngati mmisiri ali ndi lux meter, bwino. Ngati alibe, pa foni pali timapulogalamu toyezera kuwala, sitilondola kwenikweni koma tikuonetsani kusiyana kwa malo. Ikani foni chagada pa madesiki 9: atatu kutsogolo, atatu pakati, atatu kumbuyo, inu mutapatuka kuti musaitchinge. Phatikizani manambalawo mugawe ndi 9. Pamene nyali zili zatsopano yankho likhale pamwamba pa 300, cha m'ma 370, chifukwa tinasiyira malo fumbi ndi ukalamba. Desiki la mdima kwambiri lisatsike pa magawo 6 mwa 10 a yankholo. Likatsika, sunthani nyali kapena onjezerani imodzi pamenepo.

Lembani manambalawo m'kope, pamodzi ndi tsiku ndi mtundu wa nyali. Kumayambiriro kwa teremu iliyonse zimitsani buleka, pukutani zivindikiro ndi kansalu kouma, muyezenso pa madesiki omwewo. Laimu mubwereze chaka ndi chaka pa holide yaitali.

Pa sukulu ija ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu za pulayimale, panalibe chifukwa ndi sekondale, ndipo za PTA zinakwana kalasi imodzi yokha. Tinapaka laimu Loweruka ndi makolo, tinaika nyali 12 ndi ziwiri za bolodi m'chipinda cha Folomu 4, ndipo mababu awiri aja tinakawaika pa khonde ndi pa njira ya ku zimbudzi za atsikana. Kalasi yachiwiri inadikira mpaka makolo atagulitsa nandolo.